Musamete Tsitsi

Joni, 10 Malichi 2024

Amake Princess,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana ndi onse kumeneko ku Guilleme. Ine kuno ndili bwino, kungoti zala zatupa ndi nsapato za achimwene. Kalatayi ndapatsira Greyson, wa matransipota uja amanyamula katundu wa anthu kupita ku Mchinji. Mudabwa kuti foni ilipo, bwanji ndikulemba ngati mwana wa sukulu. Foni yanu imatchajidwa pa golosale, ndipo mwini golosaleyo amadziwa za m'banja mwathu kuposa ine. Izi muwerenge nokha.

Ntchito ndaipeza, koma osati m'dzina langa. Masiku amene anandidindira pa boda anatha, ndipo kuno ntchito yooneka salemba munthu wopanda pemiti. Achimwene Maliko pemiti ali nayo, koma chifuwa chawagwetsa, fumbi la miyala ankadula ija. Ndiye anati, "Pius, nkhope yathu ndi imodzi, amayi sanavutike kupanga ziwiri. Tenga pasipoti yangayi ukagwire ntchito tonse tidye. Yakoyo undisiyire, ku kiliniki sayang'anitsitsa." Tinasinthana. Kuno tsopano ine ndine Maliko Mbewe. Akazi awo, alamu anga a Dailesi, musawauze kaye, angade nkhawa.

Ndikusamala mzungu wokalamba, wosaona. Amene anandilemba ndi mwana wake wamkazi, ndimawatcha adona, ndipo pasipoti ija anaitenga kuti akaisunge bwino kunyumba kwawo. Ine ndinatsala ndi fotokope. Nyumba ili mu mpanda wa magetsi, ndimatuluka Lamulungu limodzi, lina ayi. Mdalayo amanditcha Mark. Tsiku loyamba anaitana mpaka kumenya ndodo pansi, ine ndili chilili pambali pake kudikira kuti Mark ayankhe.

Kusambitsa ndi kuphika sizovuta. Chachilendo n'chakuti masana aliwonse timakhala pakhonde, ine n'kumamuwerengera buku. Ine amene ndinkawerenga mawu a Mulungu pa misa, amayi a m'parishi n'kumati mwanayu ali ndi mawu a unsembe, lero ndikuwerenga za mfuti ndi akazi osuta fodya. Bukulo ndi lakuda, chikuto chinathothoka. Muli munthu wofufuza milandu, osati wapolisi, waganyu chabe. Dzina lake silitchulidwa, ndiye ine ndamutcha Chipewa, chifukwa sachivula ngakhale m'nyumba za eni. Mayi wina wamulemba ganyu yoti akamupezere mwamuna wake amene anasowa mumzinda. Mumzindamo mvula siikata. Ndinamuuza mdala kuti mvula imene yatithawa ku Mchinji chaka chino yonse yathera m'buku lakeli, anaseka mpaka kutsamwa.

Ngati chimanga chapserera ndi ng'amba, mtedza musaunyanyale, ndi umene utiwombole. M'chikwama chimene ndapatsira Greyson muli sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za Princess. Zikakhala zazikulu aikemo thonje, akula nazo.

Ndine mwamuna wanu,
Pius


Joni, 14 Epulo 2024

Amake Princess,

Moni wa Pasaka ngakhale wachedwa. Ndathokoza Mulungu kumva kuti malungo amusiya mwana. Ine ndili bwino.

Achimwene ndinakawaona ku chipinda chawo Lamulungu lapitali. Akutsokomola kwambiri, koma nthabwala sizinawathere. Kadi ya ku kiliniki anatsegulitsa ndi pasipoti yanga, ndiye akuti, "Pius iwe ukudwalatu, manesi akuti uzidya mazira." Ndinaseka nawo, koma pobwerera mtima sunakhale m'malo. Panjira takisi yathu inaimitsidwa ndi apolisi, anthu ena anatsitsidwa. Sindilemba zambiri, chachikulu ndinafika.

Mwafunsa ngati Chipewa wamupeza mwamuna uja. Amupeza bwanji munthu wosagona? Amangomwa mapiritsi n'kutsirira mowa, kenako n'kumayenda m'misewu yonyowa, magetsi ofiira ndi obiriwira akuwala m'zithaphwi. Tsamba lina waona nsomba zikusambira m'kati mwa magetsi a mumsewu. Ndinabwereza mzerewo poganiza kuti Chingerezi changa cha Fomu Folo chandithawa. Mdala anati ndawerenga bwinobwino. Ndinafunsa, "Bwana, nsombazi zilipodi, kapena mutu wake ndi umene wasokonekera?" Iye anati, "Mark, ukafuna kudziwa zimenezo bukuli likuzunza. Wolembayo sakuuza." Ine munthu woyamba nkhani koma osafuna kunena zoona zake ndimadana naye, inu mukudziwa.

Chandikwiyitsa kwambiri ndi ichi. Mlonda wa pa hotela anaphedwa koyambirira, Chipewa anamuona ndi maso ake ali gone m'magazi. Tsopano foni ikulira, Chipewa wayankha, mawu ndi a mlonda yemwe uja. Ndinatseka buku n'kufunsa, "Bwana, wakufa mayunitsi wagula kuti?" Mdala anaseka mpaka ndinakamutungira madzi.

Chinanso, munthu ameneyu alibe abale? Zinthu zikamuvuta chonchi, bwanji osangokwera basi n'kupita kwawo akapume? Alibe amalume, alibe mudzi, alibe ngakhale munda wa chinangwa. Mdala akuti m'mabuku a mtundu uwu palibe amene ali ndi kwawo. Ndinati ndiye ndi mabuku a anthu omvetsa chisoni. Komabe ndisanameko, ikamakwana nthawi yowerenga ndimafulumira kutsuka mbale.

Soya musagulitse kwa mavenda oyamba aja, sikelo zawo mukuzidziwa. Dikirani ogula ochokera ku Chipata. Denga la khola la nkhumba likonzedwe udzu usanadule.

Wanu,
Pius


Joni, 19 Meyi 2024

Amake Princess,

Moni nonse. Ine thupi lili bwino, kuzizira kokha kwayamba. Ndamva kuti mtedza mwakumba, Mulungu akudalitseni manja amenewo.

Achimwene awagoneka m'chipatala. A Dailesi tsopano muwauze, koma za mapasipoti muwafotokozere muli awiriwiri. Nditapita kukawazonda ndinafunsa pa windo za Maliko Mbewe. Mayi wa pamenepo anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti munthu woteroyo palibe. Ndinaganiza zoipa. Kenako ndinakumbukira, n'kufunsa za Pius Mbewe. Anandilozera wodi. Kumutu kwa bedi kuli kapepala, dzina langa lonse, ndi chaka changa chobadwa. Pansi pake agona achimwene, atawonda moti nkhope ija amati ndi imodzi yatsala kwa ine ndekha.

Potuluka ndinakumana ndi mnyamata wa ku Kachebere amene tinkaimba naye kwaya. Akuti anandiitana kuti Pius kangapo konse, ine osatembenuka, mpaka anandigwira phewa. Sindinachite dala. Sindinamve kuti akuitana ine. Zimenezi zandiopsa kuposa apolisi.

Bukunso lasiya kundiseketsa. Kulikonse kumene Chipewa akupita kukafunsa za mwamuna wosowa uja, ku bala, kwa wometa, kwa wogulitsa matikiti, anthu akumuyankha chimodzimodzi: "Koma bambo, dzulo munabweranso kudzafunsa zomwezi." Iye sakukumbukira. Mu hotela muja akakwera masitepe kupita pamwamba, akutulukira kunsi kosungira malasha. Akatsika, akupezeka pamwamba. Ndikamawerenga zimenezi ndimaganiza za kuno, chifukwa nyumba za mu mpanda muno n'zofanana zonse, utoto umodzi, mitengo yometedwa mofanana. Ndikamuyendetsa mdala masana timazungulira, kuzungulira, n'kudzapezeka pa geti lomwe lija, mlonda n'kutiimikira dzanja.

Ndinamuuza mdala kuti wolemba bukuli ndi wankhanza, munthu sungamuzunze chonchi popanda kumupatsa khomo lotulukira. Anati, "Ndiye tisiye, titenge lina?" Ndinakana. Munthu ndayamba naye ulendo, ndimusiye pa masitepe?

Pa mtedzawo mupatule thumba la mbewu musanagulitse. Lina mupereke kwa a Dailesi, musadikire kuti apemphe.

Ndine,
Pius


Joni, 23 Juni 2024

Amake Princess,

Moni. Kalata yanu ndalandira. Mwakalipa, ndipo mwakalipa zoona. Mukuti tibwezerane mapasipoti zinthu zisanaipe. Ndayesa.

Adona atabwera kudzaona bambo awo ndinawapempha pasipoti ija. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Ukufuna upite kuti, Mark? Bambo akukonda, usatichite zimenezo. Ili pabwino, usadandaule." Anamwetulira, n'kundipatsa jekete lakale la amuna awo. Lofunda ndithu. Ndinalephera kuumirira, chifukwa akafunsa kawiri chimene ndikuifunira ndiyankha chiyani?

Achimwene nawo sakufuna kumva. Mawu akutuluka movutikira, koma anandigwira dzanja n'kunena, "Usachite zopusa. Ukaulula, iwe akumanga, ine andichotsa pa bedi pano. Ndikachira tikonza." Ndinavomera kuti akachira tikonza. Nesi anandiitanira panja n'kundiuza zina zimene sindilemba.

M'buku muja Chipewa wachipeza chipinda chimene mwamuna wosowayo ankachita lendi. Munthu mulibe, muli zovala zokha. Chifukwa choti wanyowa ndi mvula wavala malaya a mwiniwake, ndipo amukwana. Nsapato zamukwana. Pagalasi sakudziwa ngati akuona wofufuza kapena wofufuzidwa. Pamenepo mawu anandithera. Mdala anafunsa ngati ndatopa, ndinati ndi chimfine. Ndinali nditavala nsapato za achimwene ndi jekete la mwamuna wa adona.

Poyamba ndinkati bukuli ndi bodza la azungu okhuta. Tsopano ndikuona kuti wolembayo mwina anakhalapo m'dziko la eni. Nsomba za m'magetsi zija sizikundivutanso. Munthu ukasowa tulo ndi wokuitana dzina lako, ungaone zoposa nsomba.

Ndatumiza bulangete ndi juzi ya Princess. Mupemphere.

Pius


Joni, 21 Julayi 2024

Amake Princess,

Ndili moyo. Ndayamba ndi zimenezo m'malo mwa moni, ngakhale tinalankhula kale pa foni, kuti muzione zolembedwa ndi dzanja langa.

Pepani. Pepani chifukwa cha tsiku lija. Ndikufotokozereni mmene zinayendera, poti pa foni tonse tinkangolira. Achimwene anatisiya Lachitatu m'mawa. A chipatala anaimbira mlembi wa bungwe lathu la maliro, la anthu a ku Mchinji okhala kuno. Mlembiyo ndi watsopano, satidziwa. Anangokopera dzina la pa pepala la chipatala n'kuponya pa gulu la WhatsApp kuti anthu ayambe kusonkha: Pius Mbewe wa ku Guilleme watisiya. Nthawi imeneyo ine ndinali kubafa kusambitsa mdala, foni ili kuchipinda. Pamene ndinkaitsegula, uthenga unali utafika kale kwanu, ndipo anthu anali atayamba kundilembera ine ndemwe kuti ndiuse mumtendere.

Nditaimba munayankha ndinu. Ndinati, "Amake Princess, ndine." Munakuwa n'kutaya foni. Kukuwa kumeneko sikundichoka m'makutu. Nditaimbanso anayankha mwini golosale, akuti, "Ndani iwe ukusewera ndi maliro a eni?" Mpaka ndinachita kutchula kuti nkhumba yathu yaikazi ndi yodulidwa khutu lakumanzere, ndi pamene anakupatsaninso foni. Ine amene ndinkaseka kuti wakufa mayunitsi wagula kuti. Ndiye munasiya kulira ine n'kuyenda ulendo wonse uja kukauza a Dailesi kuti maliro ndi awo. Ntchito imeneyo inali yanga, ndinakusenzetsani.

Tsopano mvetserani. Akuluakulu a bungwe anandikhazika pansi. Chikalata cha imfa chatuluka m'dzina langa, chifukwa kadi, bedi ndi pasipoti zonse zinali za Pius. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ndikaulule. Akuti pamenepo ine ndimangidwa, ndipo thupi silichoka mpaka mlandu utatha, mwina chaka, mwinanso n'kuikidwa kuno m'manda a anthu opanda abale. Yachiwiri, ndikhale chete, achimwene apite kwawo sabata yamawa pa mapepala anga. Pasipoti yanga aidinda kuti mwiniwake anamwalira, ndipo ipita limodzi ndi bokosi.

Ndinafunsa kuti nanga ine ndidzabwerera bwanji. Mkulu wina anati ndikadzaipeza pasipoti ili kwa adona ija ndikhoza kudzalowa ngati Maliko. Ndiye kuti pa mapepala a boma ndidzakhala mwamuna wa a Dailesi, inu n'kukhala namfedwa, Princess mwana wamasiye.

Achimwene anandidyetsa ndi dzina lawo. Sindingawasiye mu firiji ya eni kuti ndipulumutse langa. Amayi ku Mlonyeni akufuna aike mwana wawo ndi manja awo. Ndasankha yachiwiri. Mukakwiya, kwiyani, ndimva.

Ndine wamoyo,
Pius


Joni, 28 Julayi 2024

Amake Princess,

Moni, ngati moni alipo pa nthawi ngati ino. Kalatayi ikubwera ndi Greyson pa galimoto yomwe yanyamula achimwene. Ndamupempha kuti akupatseni musanaone bokosi.

Kuti ndikawatsanzike ndinayenera kupempha chilolezo kwa adona. Ndinaima pakhomo pa khitchini n'kunena ndi pakamwa panga kuti mng'ono wanga Pius wamwalira. Anandipepesa kwambiri, anandipatsa masana amodzi ndi maluwa. Maluwawo ndinakawaika pa bokosi. Pa chivindikiro akhomapo kachitsulo konyezimira, ndipo palembedwa dzina langa, tsiku langa lobadwa, ndi tsiku la Lachitatu lija. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Anthu ankati ndikupemphera.

Kachitsuloko sikangachotsedwe panjira, a pa boda amakayang'ana. Koma galimoto ikangofika pa Mchinji boma, isanakhotere ku Mlonyeni, mupeze kalipentala akachotse. Amayi asakaone. Pa mtanda alembe Maliko Mbewe, zilembo zazikulu. Abambo mfumu muwafotokozere zonse, pa misa atchule Maliko. Mapepala akafuna siginecha ya mkazi wa malemu, musaine ndinu, palibe kuchitira mwina. Koma m'nyumba ya siwa, kumutu kwa bokosi akhale a Dailesi. Inu mukhale kumbuyo kwawo, muziwagwira.

Buku lija tamaliza Lachisanu. Ndinali nditasuzumira tsamba lomaliza pamene mdala amagona masana. Chipewa akubwerera kwa mayi anamulemba ganyu uja kukanena kuti walephera. Mayiyo akutsegula chitseko, akumuitana ndi dzina la mwamuna wosowayo, akuti, "Wachedwa, chakudya chazizira." Chipewa akuvula chipewa chake, koyamba m'buku lonse, n'kulowa. Chitseko chikutsekeka. Mvula ikugwabe. Basi, latha.

Sindikanatha kuwerenga zimenezo mokweza. Ndiye titafika pamenepo ndinayang'ana tsamba n'kumanena zanga. Ndinati Chipewa anafika pakhomo la mayi uja koma sanagogode. Anatembenuka, n'kuyenda mpaka pa depoti. Mvula inakata. Anagula tikiti, kondakitala anamufunsa dzina, iye n'kulitchula, lake lenileni. Basi inanyamuka, inadutsa milatho, minda inayamba kuoneka.

Mdala analoza nkhope kumene kunali dzuwa. Kenako anati, "Mark, buku limeneli ndinaliwerenga kambirimbiri ndili ndi maso. Mulibe basi." Ndinati pepani bwana. Iye anati, "Ayi, usapepese. Pitiriza. Ndikufuna ndimve ngati afike."

Amake Princess, ndinayesa. Basi ija ndinaifikitsa pa boda, n'kulephera kuiwolotsa. Ndinamuuza kuti tidzapitiriza tsiku lina. Anavomera, n'kupempha tiyi.

Chomaliza. Maliro akatha, m'mawa mwake abale adzakhala pansi kumeta, monga mwa mwambo. Ndikudziwa kuti inunso monga mlamu muyenera kumeta nawo, ndipo ena adzalankhula mukakana. Alankhule. Muwalire achimwene mmene mungathere, muphike, mutunge madzi, mugone pa siwa mpaka tsiku lomaliza. Koma lumo lisakhudze mutu wanu. Kuno chipatala chikuti ndinafa, boma likuti ndinafa, ndipo m'nyumba muno m'mawa uliwonse ndimayankha dzina la munthu amene ali m'bokosi. Masiku ena ndikadziona pa galasi la kubafa ndimakaika ndekha. Greyson akadzabwerera ndidzamufunsa chinthu chimodzi chokha, ndipo akadzati mwameta, ndidzakhulupirira mapepala.

Musamete tsitsi, Consolata.

Ndine mwamuna wanu,
Pius Mbewe